Tsiku Limene Sanawatchule Bambo

Bambo anga anali a chipani asanakhale bambo anga, ndipo iwo sankabisa zimenezo. Ana tinakula tikudziwa kuti pakhomo pathu panali mwana wachisamba amene ankadya poyamba, ife n'kumalandira zotsala, ndipo mwanayo anali chipani. Tsiku limene ndinalandira mphoto kusukulu, iwo anali ku msonkhano wa komiti. Tsiku la chinkhoswe changa anafika anthu akutsuka mbale, nsapato zili mbuu ndi fumbi la kumsonkhano wina, n'kundigwira chanza ngati nthumwi yochokera kutali. Ndinkawakonda kwambiri, komanso ndinkakhala nawo chakukhosi, ndipo ziwirizi zinkayendera limodzi.

Anakhala zaka zambiri mu komiti yaikulu ya chipani chawo, ija imakhala kulikulu n'kumakonza msonkhano waukulu wosankha munthu wodzaimira chipani pa mpando wa pulezidenti. Udindo wawo weniweni unali wina, koma ntchito imene anthu ankawadziwa nayo inali yolemekeza alendo. Kwathu msonkhano suyamba chisawawa. Woyendetsa mwambo amaimirira n'kutchula akuluakulu onse amene alipo, mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu kutsika nawo m'munsi, aliyense ndi udindo wake wonse. Wotchulidwayo amadzuka pang'ono pampando n'kukweza dzanja, anthu n'kuwomba m'manja. Akatha onse oyenera kutchulidwa, amatseka ndi mawu akuti, "ndi nonse amene mwabwera, monga mwa maulemu anu." Mu "nonse" mmenemo ndi mmene mumalowa amayi ovina, onyamula mipando, ndi ife ongobwera kudzaonerera.

Bambo ntchitoyi ankaitenga ngati yopatulika. M'mawa ndinkawamva akuyeserera kubafa uku akumeta ndevu, akutchula maudindo ndi mawu awo akuluakulu aja mpaka galu n'kuyamba kuuwa panja. Mayi ankagogoda chitseko n'kunena kuti, "Mukamaliza kulemekeza sopo mutipatseko malo, ana achedwa kusukulu." Iwo sankaseka. Ankati munthu ukamudumpha wamuvula pagulu, ndipo ankadzitama kuti pa zaka zawo zonse sanavulepo munthu.

Kugwa kwawo kunabwera mwakachetechete. Chaka china komiti inagawanika pa nkhani ya amene adzaimire chipani pa chisankho cha pulezidenti. Ambiri ankafuna mkulu wina amene ankabwera kwathu kawirikawiri, wokonda mtedza wokazinga, amene ndili wamng'ono ankandinyamula n'kumandifunsa masamu. Bambo anaima ndi mnzake wopikisana naye, poti ankaona kuti ndiye woyenera, ndipo ananena zimenezi poyera mu komiti. Pa msonkhano waukulu nthumwi zinasankha wa mtedza uja, ndipo mipando ya komiti itagawidwanso, wa bambo unapita kwa munthu wina. Palibe amene anawachotsa m'chipani. Foni yawo inangosiya kulira, ndipo magalimoto amene ankadzaza pabwalo pathu anayamba kudutsa osaima.

Mayi atamwalira, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinawapanikiza bambo, ndipo mchimwene wanga amene ali kumudzi anavomereza kuti ndiwatenge adzakhale ndi ine kuno. Ndimakhala ku Takoma Park, kufupi ndi Washington, m'nyumba ya m'mwamba pafupi ndi siteshoni ya sitima, ine ndi mwana wanga wamkazi basi, ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino. Ndikukonza chipinda chawo ndinkadziuza kuti tsopano ndawapeza. Kuno kulibe komiti, kulibe msonkhano, akhala bambo anga okhaokha ngakhale mochedwa. Nditatsegula sutikesi yawo ndinapeza masuti atatu, mataye, mankhwala, ndi nsalu ya chipani yopindidwa bwino pansi penipeni. Juzi ngakhale imodzi munalibe.

Tsoka lake anafika m'chaka cha chisankho cha pulezidenti wa kuno. Wailesi yakanema inkangokamba za ndale kuyambira m'mawa, ndipo bambo ankakhala patsogolo pake atavala taye, ngati wina awaona. Ndikaweruka kuntchito ankandichingamira ndi mafunso ndisanavule n'komwe nsapato.

"Mwana wanga, tandiuza. Komiti yaikulu ya chipani chimenechi ikuchita chiyani pamene anthu ake akutukwanana pagulu chonchi? Ilibe mlembi wamkulu?"

Ndinawafotokozera zochepa zimene ndinkadziwa, kuti kuno anthu wamba amavota dera ndi dera posankha woimira chipani, ndipo komiti ntchito yake ndi kuika malamulo a mpikisano, kusaka ndalama za kampeni ndi kukonza msonkhano waukulu. Anapukusa mutu. Sankamvetsa kuti wapampando wa komiti angayende mumsewu popanda womudziwa, popanda amayi omuimbira, popanda nsalu ya nkhope ya mtsogoleri wake. Ankati ndiye kuti anthu amenewa ndale amazichita ngati ntchito ya ku banki.

Tsiku lina anandidzidzimutsa. Anati si ulemu kuti munthu amene anakhalapo mu komiti yaikulu afike mumzinda wa eni ake, likulu la chipani cha kuno lili pafupi chonchi, osakawalonjera. Ndinayesa kuwaletsa, koma bambo akanena kuti si ulemu ndiye kuti nkhani yatha. Pansi pa nyumba yathu pamakhala bambo wina wa ku Lusaka, woyendetsa basi ya sukulu, amene anali atazolowerana nawo chifukwa chokhalira limodzi pakhonde. Atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira khoma.

"Manje imwe ba mudala, nindani akuzibani kuja? Muzapeza chabe security pa door."

Komabe anavala jekete n'kutiperekeza. Tinakwera sitima, kusintha pakati pa tauni, n'kukatsika kufupi ndi nyumba ya malamulo. Likulu la chipanicho linali nyumba wamba ya maofesi, yopanda mbendera zambirimbiri, yopanda gulu pakhomo. Bambo anamanga batani la jekete n'kudzifotokoza kwa mlonda m'Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni, udindo wonse, zaka zonse. Mlondayo anamvetsera mwaulemu ndithu, n'kunena kuti popanda kupangana ndi munthu wa m'katimo sitingalowe. Mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo, amene ankatuluka ndi kapu ya khofi, anaima, n'kuwagwira chanza, n'kuwafunsa ngati angakonde kuthandiza nawo kuimbira anthu mafoni owakumbutsa kukavota. Anawapatsa kabaji komata pachifuwa. Bambo anakalandira ndi manja awiri.

Pobwerera tinasinthanso sitima pakati pa tauni paja. Kenako bambo anati, "Akuluakulu ake atanganidwa, ndi nyengo ya kampeni. Koma uthenga ufika kuti tinabwera." Wa ku Lusaka uja anangoyang'ana pawindo, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Chimene chinawasangalatsa pa ndale za kuno chinali chimodzi chokha. Pa msonkhano waukulu wa chipani, umene tinkaonera pakanema madzulo ena, anayamba kuitana madera onse a dziko lino limodzilimodzi, dera lililonse n'kuimirira, kudzitamandira pang'ono, n'kunena kumene mavoti ake apita. Bambo anasendera kutsogolo kwa mpando, maso ali gwa. "Eyaa! Awa ndiye akudziwa. Palibe amene wadumphidwa." Anaonerera mpaka dera lomaliza, tiyi wawo n'kuzizira patebulo.

Patapita miyezi ingapo tinamva kuti mtsogoleri wa chipani chawo, yemwe uja wa mtedza, akubwera ku Washington. Nakonso kwathu chisankho chinali chikuyandikira, ndipo komiti inali itamuvomerezanso kuti aime. Nthambi ya chipani ya anthu okhala kuno inakonza zoti akumane ndi a kwathu mu holo ya hotela ina ku Arlington, Loweruka masana. Bambo atamva anasintha ngati mbewu yothiriridwa. Anatumiza suti kochapitsa, anandituma kukagula polishi, ndipo m'mawa wina ndinawamvanso kubafa akutchula maudindo. Mawu anali atachepa mphamvu, koma ndondomeko inali yomwe ija.

"Mukuganiza kuti akupatsani mwambo kuti muyendetse?" ndinawafunsa.

"Iyayi, za mwambo n'za anyamata tsopano. Koma kutchula atchula. Munthu amene anakhala mu komiti yaikulu amatchulidwa, ngakhale atapuma. Amabwera pambuyo pa a komiti amene alipo, asanatchulidwe a zigawo. Ndi mmene zimakhalira."

Mtima wanga sunakhazikike. Wapampando wa nthambi ya kuno ndi mnyamata wa ku Fairfax, wogwira ntchito za makompyuta, amene nthawi imene bambo anali mu komiti n'kuti iye akusewera mpira wachikulunga. Ndinamuimbira foni bambo osadziwa, n'kumufotokozera kuti iwo ndi ndani, ndi kuti sakufuna mpando wapamwamba kapena mwayi wolankhula, koma kutchulidwa basi. Anandiyankha mokoma. "Aa, musadandaule asisi, no problem, adala amenewo timawadziwa. Tizikonza." Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira.

Tinafika holo isanadzaze. Amayi ena anali atamanga nsalu zatsopano za nkhope ya mtsogoleriyo pamwamba pa mabuluku a jinzi, akuyeserera nyimbo pakona, ana awo ali pa mafoni. Bambo anakana kukhala kutsogolo penipeni, ati munthu sadziika yekha pamenepo, ndipo anakananso kumbuyo. Tinakhala chapakati, iwo m'mphepete mwa kanjira kuti podzuka asavutike. Mlendo anachedwa monga mwa masiku onse. Atalowa, amayi analulutira, ndipo ndinaona kuti wakalamba naye, tsitsi lokha ndi limene linali lakuda mokayikitsa.

Mnyamata wa ku Fairfax uja anatenga maikolofoni n'kuyamba kulemekeza. Anatchula mtsogoleri, anthu m'manja. Anatchula mayi wa kunyumba kwake. Anatchula mlembi wamkulu, msungichuma, mkulu wa kampeni, mkulu wa amayi, mkulu wa achinyamata, onse amene anabwera nawo pa ndege. Milomo ya bambo inkayenda limodzi naye, nthawi zina kumutsogolera. Atatha a komiti amene alipo, bambo anamanga batani la jekete, n'kutsamiritsa manja pa mawondo. Mnyamatayo anadumphira kwa a nthambi ya kuno, wachiwiri wake, mlembi wake, mpaka amene anabweretsa zokuzira mawu. Bambo anali atadzuka kale theka, dzanja lamanja litayamba kukwera.

"Ndi nonse amene mwabwera, monga mwa maulemu anu."

Anthu anawomba m'manja. Bambo anatsala m'malere, osaimirira osakhala, kwa kanthawi kamene kwa ine kanatalika koopsa. Kenako dzanja lija analitsitsira pa buluku n'kumakhala ngati akukonza mpindiro wake, n'kubwerera pampando pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane. Ine zonse zimene zinalankhulidwa masana amenewo, za misewu, za feteleza, za kufunika kwa ife a kunja, sindinamvepo kanthu.

Pomaliza anthu anandanda kukagwira chanza mlendo. Ndinati tizipita, koma bambo analowa pamzere. Ndinkaganiza kuti mwina sawazindikira, ndipo zikanakhala bwino zikanatero. Anawazindikira nthawi yomweyo. "Aa, akulu! Kodi muli kuno? Mukuoneka bwino. Tionana, tionana." Maso ake anali kale pa munthu wotsatira.

Ndinawasiya bambo pampando n'kukamupeza mnyamata uja pakhomo. Sindikumbuka zonse zimene ndinamuuza, koma ndikudziwa kuti amayi a kutchalitchi kwathu anandikoka mkono. Iye anangotambasula manja. "Asisi, sorry, ine ndinawaika. Koma a mlembi wamkulu anati titchule okhawo amene ali pa maudindo panopa. Akuti tikayamba za akale ena akhumudwa, ndiye ndi nthawi ya kampeni, mukudziwa." Ndinamufunsa ngati iye ali ndi bambo. Yankho lake sindinalidikire.

M'galimoto ndinkayembekezera kuti adandaula, kuti mwina tsiku limeneli atukwana chipani ine ndikumva, tigwirizane pa chinthu chimodzi. Tikuwoloka mtsinje kulowa mu Washington anatsokomola n'kunena kuti, "Mnyamata uja ali ndi mawu abwino. Koma mkulu wa kampeni satsogola mkulu wa amayi. Wina amuuze."

"Bambo, anthu aja akuvulani pagulu. Mawu ake ndi anu omwe."

"Chipani sichilakwa, mwana wanga. Amalakwa ndi anthu."

Ndinangoyendetsa galimoto mpaka kunyumba.

M'mawa mwake titabwerako kutchalitchi ndinapangana ndi mwana wanga kuti tiwasangalatse agogo ake. Tinawakhazika kumutu kwa tebulo, tinaitana wa ku Lusaka uja ndi mkazi wake, ine n'kutenga chipande ngati maikolofoni. Ndinakonza kukhosi n'kuyamba ndi mawu akuluakulu: "Ndilemekeze mlendo wathu wolemekezeka, amene anatumikira mu komiti yaikulu ya chipani, bambo wa nyumba ino, agogo a mtsikana uyu..." Mwana wanga anawomba m'manja n'kukuwa kuti, "Stand up, agogo!" Alendo aja analulutira.

Bambo sanadzuke. Anakweza dzanja, osati lolandira ulemu, koma londiletsa.

"Khala pansi. Zimenezo si zoseweretsa."

"Sindikusewera, bambo. Ndikukulemekezani."

"Ndamva. Koma iwe ukanditchula, watchula bambo ako. Basi."

"Nanga zimenezo n'zochepa?"

Anayang'ana mbale yawo. Ndinadikira, alendo anadikira, ndipo yankho silinabwere. Pa zonse zimene chipani chinanditengera, chete ameneyo ndiye anandipweteka koposa. Ndinalowa kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti asamve kuti ndikulira.

Kuchokera pamenepo taye anaisiya. Kanema ankaonerabe, koma mafunso anatha. Kabaji ka mtsikana uja ndinakapeza m'kabati ya mankhwala. Kuzizira kutayamba, ine ndinachitidwa opaleshoni ya m'mimba imene ndinakhala ndikuizengereza, ndipo dokotala anandiuza kuti ndikhale pakhomo, ndisanyamule kanthu, ndisayende ulendo wautali. Tinakhala odwala awiri m'nyumba imodzi, mwana akapita kusukulu n'kutsala tokha.

Masabata amenewo ndi amene ndimawasunga. Bambo, amene moyo wawo wonse sanawiritsepo madzi, anaphunzira kuyatsa chitofu n'kumandipangira tiyi wotsekemera mopitirira muyeso, iwo akumwa wopanda shuga n'kumadandaula. Ankandigwira mkono pondidzutsa pampando, ngakhale kuti iwo omwe ankafunika wowagwira. Tinkakhala pawindo kuonerera sitima zikudutsa ndi anthu akupala chipale pa magalimoto awo. Tsiku lina anandifunsa kuti mphoto ija ndinalandira kusukulu inali ya phunziro lanji. Ndinadabwa kuti ankadziwa n'komwe kuti kunali mphoto. Nditawauza anagwedeza mutu n'kunena kuti mayi anawafotokozera, ndipo anamva kuti ndinavala diresi lobwereka. Sanapepese, ndipo ine sindinawafunse kuti apepese.

Anagwa m'bafa m'mawa wina, ndipo kuchipatala anakhalako masiku owerengeka. Mbali imodzi ya thupi inali itafa, mawu akutuluka movutikira. Wa ku Lusaka uja ndiye ankanditengera kumeneko pa galimoto. Tsiku lomaliza limene analankhula zomveka, anandikodola kuti ndiwerame. Ndinasendeza khutu, ndikuganiza kuti mwina yankho la funso langa lija lafika.

"Ukawauze a komiti," anatero.

Atamwalira ndinakhala ndi mawu amenewo ngati khala m'manja. Sindinkafuna kuwauza. Ndinkafuna maliro a pabanja, a mpingo, nyimbo za kwaya ya mayi, popanda nsalu ya munthu aliyense. Ndinauza mkazi wa mnansi wathu wa ku Lusaka uja kuti anthu amene anawadumpha ali moyo alibe gawo pa mtembo wawo. Iye anandisisita pamsana n'kunena kuti, "Nizoona, mamii. Koma benze batate banu, na mau banakusiyilani ni yamene ayo." Ndinamuimbira mchimwene wanga n'kumuuza kuti akawadziwitse.

Sanachedwe. Kwathu kampeni inali itafika pachimake, ndipo dera la kumudzi kwathu linali limodzi mwa amene ankalimbirana. Tsiku lomwelo mlembi wamkulu anaimbira mchimwene wanga kupepesa, ati chipani chataya mzati. Mnyamata wa ku Fairfax anabwera kunyumba ndi anzake a nthambi, atavala zakuda, n'kukhala pansi pakapeti mwaulemu wonse. Ndinawapatsa tiyi chifukwa mayi anandilera bwino. Mtembo unanyamuka ndi mkulu wa mpingo wathu. Ine dokotala anakaniratu, ati bala silinapole, ulendo wa ndege wautali choncho ungandiphe.

Choncho maliro a bambo anga ndinawaonera pakanema, pabalaza pomwe iwo ankakhala. Kwathu kunali masana, kuno kunali m'mawa, kunja kukugwa chipale. Mchimwene wanga anapatsa msuweni wathu foni kuti azitionetsa, mwana wanga n'kuilumikiza ku kanema. Amayi a kutchalitchi anadzaza pansi, ine anandikhazika pampando wa bambo, pilo ali pamimba.

Pakhomo pathu sindinapazindikire. Magalimoto aja anali atabwerera onse, mpaka ena kuima m'munda. Panali matenti, zokuzira mawu, ndi amayi ambirimbiri ovala nsalu ya chipani, amene nyimbo zawo zinkamiza za kwaya. Bokosi linali pakati, litakutidwa ndi nsalu yatsopano, nkhope ya mtsogoleri uja ili pachifuwa pa bambo, ikumwetulira. Azakhali anga ndi abale ena ndinawaona kumapeto kwa chithunzi, atakhala pamphasa padzuwa, poti mipando ya m'tenti inali ya akuluakulu. Ndinatukwana mokweza, amayi a mpingo n'kukhala ngati sanamve.

Woyendetsa mwambo anali wa chipani. Anayamba kulemekeza, ndipo anatchula aliyense: mtsogoleri, mayi wa kunyumba kwake, mlembi wamkulu, msungichuma, a zigawo, a maboma, ofuna kuimira dera lathu ku nyumba ya malamulo. Chithunzi chinkaima n'kuyambanso, koma mawu ankamveka bwino. Ndinadzipeza ndikutsatira ndondomeko ija m'mutu, mmene ndinkaimvera kubafa ndili mwana. Ana a malemu sanatitchule. Anati, "anamfedwa, ndi nonse amene mwabwera, kuphatikizapo amene mukutionera kunja, monga mwa maulemu anu." Mwana wanga, amene Chichewa amamva koma sayankha, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mom, is that us?" Ndinamuuza kuti eya, ndife amenewo.

Kenako mtsogoleri uja anaimirira, n'kuvula magalasi, n'kuyang'ana bokosi. Ndinali nditakonzeka kudana ndi liwu lililonse lotuluka pakamwa pake. Anayamba ndi dzina la bambo, lonse, ndi la mfunda lomwe. Anati amene agona apawa anali membala wa komiti yaikulu ya chipani, anatumikira pansi pa atsogoleri osiyanasiyana, ndipo pa zaka zonse zimene anayendetsa miyambo ya chipani sanadumphepo munthu. Anatchula udindo wawo wonse bwinobwino, mosaphonya, mmene iwo akanafunira. Khamu lonse linawomba m'manja, amayi n'kululutira, ndipo kunali kuwomba kwenikweni, kotalika.

Ndinkadziwa kuti ndi kampeni. Ndinkadziwa kuti mawu amenewa anali nawo m'kamwa tsiku lija ku Arlington, pamene mwini wake anali moyo, atavala suti yochapitsa, akudikira chapakati pa holo. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo mkwiyo wanga sunachoke mpaka lero. Koma dzina litatchulidwa, m'manja mukuwombedwa, panalibe wodzuka. Bokosi linangokhala pamenepo.

Ndinamva amayi akukuwa kuti, "Bala, bala! Khalani pansi!" Pilo anali atagwa, m'mimba mukung'amba ngati moto. Ndinali nditadzuka theka pampando wa bambo, dzanja lamanja lili m'mwamba, ndipo sindinalitsitse mpaka anthu a kumudzi aja atamaliza kuwomba m'manja.